Kuika Pulogalamu Yoyendetsa Kompyuta Pogwiritsa Ntchito Fulashi

Mawu oyamba

M'maofesi a maparishi, m'masukulu ndi m'nyumba zina za m'dera la minda ya tiyi ku Thyolo, kuyambira ku Bvumbwe, Thunga ndi pa Boma mpaka ku Makwasa ndi ku Luchenza, muli makompyuta ambiri amene sanagulidwe ali atsopano. Ena anachokera kwa abwenzi akufuna kwabwino a kunja, ena anagulidwa m'masitolo a ku Limbe atagwirapo kale ntchito kwina, ndipo ena anabwera m'zikwama za abale ochokera ku Joni. Makina oterewa akayamba kuzengereza kapena kukana kuyaka, ambiri a ife timangoti afa, nkuwavundikira nsalu pakona. Komatu kawirikawiri chimene chimakhala chitawonongeka si chitsulo ayi, koma pulogalamu yaikulu imene imayendetsa chitsulocho, ndipo pulogalamu imeneyi munthu wodekha angathe kuiikamo mwatsopano pogwiritsa ntchito fulashi imodzi yokha. Pano tafotokoza tanthauzo la ntchitoyi, zimene zimafunika, ndondomeko yake, ndi malo amene munthu angalakwitse nkutaya zolembedwa za zaka zambiri.

Pulogalamu yoyendetsa kompyuta

Kompyuta ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi zipangizo zogwirika monga sikirini, kiyibodi, purosesa, RAM ndi hadi disiki. Mbali yachiwiri ndi mapulogalamu, ndipo pakati pa onsewo pali imodzi imene imayamba kudzuka ndi kutsogolera zonse. Pa Chingerezi amaitcha operating system. Ntchito yake ikufanana ndi ya kapitawo pa esiteti: iye sathyola tiyi, koma ndiye amagawa mizere, amaonetsetsa kuti masamba afika pa sikelo, ndipo popanda iye ntchito imasokonekera ngakhale antchito onse alipo. Momwemonso pulogalamuyi ndiyo imagawira mapulogalamu ena malo mu RAM, imasunga mafayilo pa disiki, ndiponso imatumiza kalata yanu ku pulinta.

Mapulogalamu otere odziwika kwambiri pa makompyuta ndi atatu: Windows wa kampani ya Microsoft, macOS wa kampani ya Apple, ndi Linux, amene anayambitsidwa m'chaka cha 1991 ndi Linus Torvalds, wophunzira wa ku Finland. Amene ali ndi foni ya Android ali kale ndi Linux m'thumba, pakuti phata la Android ndi Linux yemweyo.

Fulashi yodzutsa kompyuta

Kale mapulogalamuwa ankabwera pa CD, imene imasunga mamegabayiti 700, kenaka pa DVD, imene imasunga magigabayiti 4.7. Mafulashi anayamba kugulitsidwa cha m'ma 2000, ndipo oyambirirawo ankasunga mamegabayiti 8 okha. Lero malaputopu ambiri alibenso polowetsa CD, ndipo Windows 11 sakwana pa DVD wamba, kotero fulashi ndiyo yatsala njira yodalirika.

Fulashi yodzutsa kompyuta ndi fulashi wamba imene yalembedwa mwa njira yapadera kuti kompyuta, ikangoyatsidwa, iwerenge malangizo oyambira kuchokera pa fulashiyo m'malo mwa hadi disiki. Izi zimatheka chifukwa mkati mwa kompyuta iliyonse muli kapulogalamu kakang'ono kosafufutika pamodzi ndi disiki, kamene kamadzuka koyambirira ndi kufunafuna poyambira. M'makina akale kapulogalamuka kamatchedwa BIOS, ndipo m'makina ambiri opangidwa kuyambira cha m'ma 2012 kamatchedwa UEFI. Nchifukwa chake kompyuta imene Windows wake wafera eni imathabe kudzuka ndi fulashi.

Pulogalamu yonse imabwera m'fayilo imodzi yaikulu imene dzina lake limathera ndi zilembo zakuti iso. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kungokopera fayiloyi pa fulashi monga momwe timakoperera nyimbo. Fulashi yotero siingadzutse kompyuta. Pamafunika kapulogalamu kena kamene kamamasula fayiloyo ndi kuiyala pa fulashi mwa dongosolo limene BIOS kapena UEFI imazindikira.

Chifukwa chake nkhaniyi yakula

Kampani ya Microsoft imasamalira mtundu uliwonse wa Windows kwa zaka zowerengeka, ndipo pa nthawiyo imatumiza zigamba zotseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowerapo. Windows XP analeka kusamalidwa pa 8 Epulo 2014, Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo Windows 10, amene anatuluka m'chaka cha 2015, analeka kulandira chisamaliro chake cha nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Tsiku lomwelo chinathanso chisamaliro cha Office 2016 ndi Office 2019. Kompyuta ya Windows 10 imayakabe ndipo imalembabe makalata, koma ili ngati nyumba imene loko wake wadziwika ndi akuba pamene mmisiri wokonza maloko wasamuka m'mudzimo. Ikamalumikizidwa ku intaneti kapena kulandira mafulashi a anthu osiyanasiyana, chiopsezo chimanka chikulirakulira.

Windows 11, amene anatuluka pa 5 Okutobala 2021, salowa m'makina onse. Amafuna RAM ya magigabayiti osachepera 4, disiki ya magigabayiti osachepera 64, UEFI, kachipangizo kotetezera kotchedwa TPM 2.0, ndi purosesa yatsopanoko. Pa mapurosesa a Intel, amafuna a m'badwo wachisanu ndi chitatu kapena wotsatira, amene anayamba kutuluka m'chaka cha 2017. M'badwowu umadziwika ndi nambala yoyamba pambuyo pa kamzere (kapena manambala awiri oyamba kuyambira m'badwo wachikhumi): i5-6300U ndi wa m'badwo wachisanu ndi chimodzi, pamene i5-8250U ndi wachisanu ndi chitatu. Makompyuta ambiri amene tili nawo kuno ndi akale kuposa apo, ngakhale kuti ndi olimba ndithu.

Kusankha pulogalamu yoyenera

Poyamba dziwani kompyuta yanu. Ngati ikuyakabe, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani msinfo32 ndi kudina Enter. Padzaoneka dzina la purosesa, kukula kwa RAM, ndi mzere wakuti BIOS Mode umene udzanena UEFI kapena Legacy. Lembani zimenezi papepala.

Ngati makinawo akukwanira pa zofuna za Windows 11 ndipo anali ndi chiphaso chenicheni cha Windows 10, ikani Windows 11. Simulipiranso, ndipo chiphasocho chimadzizindikira chokha kompyuta ikalumikizidwa ku intaneti, malinga mwaika mtundu womwewo, Home kapena Pro. Makina amene anatuluka m'fakitale ndi Windows 8 kapena wotsatira amasunga nambala ya chiphaso mkati mwa UEFI. Pali njira zomukakamizira Windows 11 kulowa m'makina osakwanira, koma eni ake sanalonjeze kuti makina otero adzalandira zigamba nthawi zonse, ndipo sitikulangiza njirayi pa kompyuta yosunga zolembedwa za anthu. Sitikulangizanso Windows wothyoledwa amene ena amaika pa mtengo wotsika. Kuonjezera pa kuphwanya lamulo la umwini wa zolemba la 2016, mapulogalamu othyolerawo kawirikawiri amabwera ndi mavayirasi.

Ngati makinawo sakukwanira, njira yabwino ndi Linux, amene ndi waulere ndipo malamulo ake amalola kumukopera ndi kugawana. Linux ali ndi mitundu yambiri. Ubuntu anatuluka koyamba mu Okutobala 2004 kuchokera ku kampani ya Canonical ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinali ndi liwu la Chizulu ndi Chixhosa limene kwathu kuno timati umunthu. Achikulire ena angakumbukire kuti kampaniyi inkatumiza ma CD aulere pa positi kufikira m'chaka cha 2011. Mu Epulo wa chaka chachiwiri chilichonse amatulutsa Ubuntu wotchedwa LTS, amene amasamalidwa zaka zisanu, ndipo ndi wotereyu woyenera ofesi. Linux Mint, amene anayamba m'chaka cha 2006 ndipo anamangidwa pa Ubuntu, amaoneka mofanana kwambiri ndi Windows, kotero wozolowera Windows savutika naye. Amayenda pa RAM ya magigabayiti 2, koma amamasuka bwino pa magigabayiti 4, ndipo amafuna malo osachepera magigabayiti 20 pa disiki. Pa makina ofooka kwambiri pali Lubuntu, Xubuntu ndi Linux Mint wa mtundu wa Xfce. Onsewa amafuna purosesa ya 64-bit, imene pa msinfo32 imalembedwa x64.

Linux Mint amabwera ndi LibreOffice, imene imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, ndiponso Firefox yoonera intaneti. Koma tinene zoona zake: mapulogalamu opangidwira Windows yekha, monga ena owerengera ndalama kapena malipiro, sayenda pa Linux popanda luso lapadera, ndipo kalata yokongoletsedwa kwambiri mu Word nthawi zina imasintha maonekedwe. Musanasinthe, lembani mapulogalamu onse amene ofesi imadalira ndipo muone ngati ali ndi olowa m'malo mwake.

Zofunika kukonzekera

Pamafunika fulashi ya magigabayiti osachepera 8, ngakhale ya 16 ndiyo yabwino koposa, ndipo ikhale yopanda kanthu kofunika chifukwa zonse za m'menemo zidzafufutika. Pamafunikanso fulashi ina kapena hadi disiki ya m'manja yosungira mafayilo anu, kompyuta ina yamoyo yokonzera fulashiyo, intaneti yokwanira, ndi magetsi odalirika kwa ola limodzi kapena awiri.

Za intaneti, fayilo ya Linux Mint ndi ya magigabayiti pafupifupi 3, pamene ya Ubuntu 24.04 ndi ya Windows 11 zimapitirira magigabayiti 5. Bandulo ya TNM kapena Airtel yotsitsira zimenezi siyotsika mtengo, ndipo m'zigwa zina za pakati pa minda netiweki imadukaduka. Nzeru yake ndi kutsitsa kamodzi kokha pamalo a netiweki yamphamvu, monga pa Boma, ku Luchenza kapena ku Limbe, kenaka nkugawana. Fulashi imodzi ingathandize maparishi ndi masukulu angapo. Tsitsani kuchokera kwa eni ake okha, pa microsoft.com, ubuntu.com kapena linuxmint.com.

Za magetsi, laputopu ya batire lamoyo ndiyo yotetezeka, koma ilumikizidwebe ku magetsi. Kompyuta ya patebulo imafuna UPS, sola kapena jenereta, pakuti magetsi akathima ntchito ili pakati, disiki imatsala yopanda pulogalamu yakale ndi yatsopano yomwe. Zikatero ntchito imangoyambidwanso, koma nthawi imakhala itatayika. M'nyengo ya dzinja, pamene mvula ya ziphaliwali imakonda kugwa masana, gwirani ntchitoyi m'mawa.

Kusunga mafayilo poyamba

Pa ndondomeko yonse, apa ndi pamene pamaluzitsa anthu. Kuika pulogalamu yatsopano kumafufuta zonse za pa disiki. Tinadzionera tokha pa ofesi ina ya kuno kuminda, pamene mnyamata wina wodziwa makompyuta, wa mtima wabwino ndithu, anakonza makina m'kanthawi kochepa, koma mndandanda wa mtulo, maina a ophunzira chikhristu ndi malipoti a miphakati a zaka zingapo zinapita pamodzi ndi Windows wakaleyo. Panatenga miyezi kuti akatekisiti alembenso zonsezo kuchokera m'makope awo, ndipo zina sizinapezekenso. Mnyamatayo sanafunse, ndipo ifenso sitinamuuze.

Choncho koperani zonse za mu Documents, Desktop, Pictures ndi Downloads, ndipo muyang'anenso ngati pali gawo lina la disiki, monga D, limene lili ndi zinthu. Mukatha kukopera, tsegulani ena mwa mafayilowo pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti akuwerengeka. Zofunika kwambiri zisungidwe pawiri. Lembani papepala mawu achinsinsi a imelo, pakuti ambiri timadalira kompyuta kuti itikumbukire. Ngati disiki inatsekedwa ndi BitLocker, pezani nambala yake yotsegulira, ya manambala 48, musanakhudze chilichonse mu BIOS.

Dziwaninso kuti mafayilo oterewa ali ndi maina, masiku obadwa ndi nkhani za mabanja a anthu. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 la dziko lino likupereka udindo kwa aliyense wosunga zinthu zotere. Fulashi yosungirayo isapite kojambulitsa mapepala kapena koikitsa nyimbo, ndipo wodzathandiza ntchitoyi aigwirire mu ofesi momwemo, mwini ofesi alipo. Kompyuta ndi yothandizira chabe. Malamulo a Mpingo, pa nambala 535, amafunabe kuti mabuku a ubatizo, a ukwati ndi a omwalira alembedwe ndi kusungidwa bwino pa parishi iliyonse.

Ngati Windows wafa mafayilo asanakoperedwe, musataye mtima. Fulashi ya Linux imatha kudzutsa kompyutayo popanda kufufuta kanthu, ndipo mungathe kutsegula hadi disiki ndi kupulumutsa mafayilowo, malinga disikiyo siinawonongeke kapena kutsekedwa.

Kukonza fulashi

Wofuna Windows 11 angagwiritse ntchito Media Creation Tool ya Microsoft, imene imatsitsa ndi kulemba fulashi nthawi imodzi. Kuipa kwake nkwakuti netiweki ikaduka mungayambirenso. Njira ina ndi kutsitsa fayilo ya iso payokha ndi kuilemba ndi Rufus, kapulogalamu kaulere kamene Pete Batard anatulutsa m'chaka cha 2011, ndipo kamalemba Windows ndi Linux yemwe. Palinso balenaEtcher, yosavuta polemba Linux, ndi Ventoy, ya m'chaka cha 2020, imene imalola kusunga mafayilo angapo a iso pa fulashi imodzi.

Musanalembe, tsimikizani kuti fayilo inatsika yathunthu. Eni ake amasindikiza chizindikiro chotchedwa SHA-256, cha zilembo ndi manambala 64, ndipo Rufus ali ndi kabatani kowerengera chizindikiro cha fayilo yanu. Ziwirizi zikasiyana, fayiloyo ndi yopunduka ndipo itsitsidwenso. Ndondomeko ya Rufus ndi iyi:

1. Zulani mafulashi ena onse, makamaka imene mwasungiramo mafayilo, ndipo mulowetse yokhayo yoti ilembedwe.
2. Tsegulani Rufus ndipo pa Device muone kuti dzina ndi kukula kwake ndi za fulashi yanu.
3. Dinani SELECT ndi kusankha fayilo ya iso.
4. Pa Partition scheme sankhani GPT ngati mukuika Windows 11 kapena kompyuta ndi ya UEFI, ndipo sankhani MBR ngati ndi ya Legacy.
5. Dinani START. Akakufunsani njira yolembera, vomerezani ya ISO imene iye mwini wasankha, ndipo muvomerezenso chenjezo lakuti zonse za pa fulashi zifufutika.
6. Dikirani mpaka mzere wobiriwira utadzaza ndi kulemba READY, ndipo pamenepo mutseke ndi kuzula fulashi mwa dongosolo.

Kudzutsa kompyuta ndi fulashi

Zimitsani kompyuta yoti ikonzedwe, lowetsani fulashi, yatsani, ndipo nthawi yomweyo muzidina mobwerezabwereza batani lotsegula mndandanda wa poyambira. Pa Dell, Lenovo, Toshiba ndi Acer batanili kawirikawiri ndi F12, pa HP ndi F9 kapena Esc kenaka F9, ndipo pa Asus ndi Esc kapena F8. Mpata wake ndi wa masekondi ochepa, choncho mukaona chizindikiro cha Windows ndiye kuti mwachedwa, zimitsani muyambirenso. Mndandanda ukaoneka, sankhani ndi mabatani a mivi mzere wa dzina la fulashi yanu kapena wa USB, ndi kudina Enter. Dzinalo likaoneka kawiri, sankhani limene layamba ndi UEFI, pokhapokha makinawo akhale a Legacy.

Fulashi ikapanda kuoneka, iyeseni pa doko lina. Ikakanabe, lowani mu BIOS podina F2 pa Dell ndi Acer, F10 pa HP, F1 pa ThinkPad, kapena Delete pa makina ambiri a patebulo, ndipo pa gawo la Boot muloleze kuyambira pa USB. Muli m'menemo musasinthe chimene simukuchidziwa, ndipo chilichonse chimene mwasintha mulembe mmene chinalili.

Kuyesa musanaike

Ubwino waukulu wa Linux ndi wakuti amayenda kuchokera pa fulashi pomwepo asanaikidwe. Gwiritsani ntchito mwayi umenewu. Onani ngati Wi-Fi ikugwira, ngati mawu akumveka, ngati pulinta ya mu ofesi ikusindikiza, ndipo mutsegule kalata imodzi ndi fayilo imodzi ya Excel mwa zimene mumagwiritsa ntchito. Pa nthawiyi kompyuta imayenda pang'onopang'ono chifukwa fulashi ndi yochedwa kuposa disiki, ndipo chimene mungalembe chimafufutika mukazimitsa. Ngati china chakana ndipo ndi chofunika, zimitsani, zulani fulashi, ndipo kompyuta idzabwerera mmene inalili. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Kuika pulogalamu

Pa Linux Mint dinani kawiri chithunzi chakuti Install Linux Mint. Sankhani chilankhulo, kenaka mtundu wa kiyibodi. Ngati chizindikiro cha @ chili pa batani la 2, kiyibodiyo ndi ya English US, koma ngati pa batanilo pali timikodolero tiwiri, ndi ya English UK. Vomerezani kuika zothandizira kuonera mafilimu ndi kumvera nyimbo.

Tsono pafika funso lalikulu, la mmene disiki igwiritsidwire ntchito. Mzere wakuti Erase disk umafufuta zonse ndi kupereka disiki yonse kwa Linux. Mzere wakuti Install alongside umasiya Windows mmene alili ndi kugawa malo, kotero poyatsa mumasankha woti ayambe. Mzere wakuti Something else ndi wa akatswiri. Kufikira pano palibe chimene chafufutika, koma mukadina Install Now ndi kuvomereza, palibenso kubwerera. Imani kaye pamenepa, mufunse mwini ofesi komaliza ngati zonse zinakoperedwa, ndipo ngati kompyuta ili ndi madisiki awiri muwerenge bwino kukula kwa imene yasankhidwa.

Pa mapu a dziko sankhani Blantyre kuti nthawi ikhale yolondola. Lembani dzina la ofesi ndi mawu achinsinsi, amene muyenera kuwasunga bwino chifukwa Linux amawafunsa nthawi iliyonse pamene mukuika pulogalamu ina. Kukopera kumatenga mphindi pafupifupi 15 mpaka 40 malinga ndi mphamvu ya makina. Pomaliza dinani Restart Now, zulani fulashi pamene mwauzidwa, ndi kudina Enter.

Pa Windows 11 njira ndi yofananako. Mukasankha chilankhulo ndi kiyibodi, akafunsa nambala ya chiphaso mungathe kunena kuti mulibe ngati makinawo anali kale ndi chiphaso. Sankhani kuika mwatsopano, ndipo padzaoneka magawo a disiki. Fufutani magawo a disiki imene munali Windows wakale, sankhani malo opanda kanthu amene atsala, ndi kupitiriza. Kompyuta idzazima ndi kuyaka yokha kangapo. Ikazima koyamba zulani fulashi, kuopa kuti ingayambirenso pachiyambi. Windows 11 amafuna intaneti ndi akaunti ya Microsoft pomalizitsa, choncho akauntiyo ikhale ya ofesi, osati ya mnyamata wothandizayo. Pa nthawi sankhani Harare, Pretoria, imene ndi yofanana ndi ya kwathu.

Mukamaliza

Choyamba lumikizani intaneti ndi kulandira zigamba zonse, pa Update Manager mu Linux Mint kapena pa Windows Update. Izinso zimadya bandulo, ndipo mu Windows mungathe kusonyeza kuti intaneti yanu ndi yoyezedwa poyatsa Metered connection. Kenaka bwezerani mafayilo, yesani pulinta, ndipo musafufute fulashi yosungira ija kufikira patapita mwezi mukuona kuti palibe chasowa. Nkwabwino kutsegula maakaunti awiri, ya woyang'anira ndi ya ogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Olemba Chichewa amene amafuna chilembo cha ŵ alembe 0175 ndi kudina Alt pamodzi ndi X, mu Word kapena mu LibreOffice.

Zovuta zodziwika

Uthenga wakuti palibe poyambira, pamene fulashi ili momwemo, umasonyeza kuti fulashi inalembedwa ndi GPT pamene makina ndi a Legacy, kapena fayilo inangokoperedwa. Lembaninso.

Kompyuta ikakana fulashi ndi kutchula za chitetezo, vuto ndi Secure Boot. Ubuntu ndi Linux Mint nthawi zambiri amayenda nayo bwino, koma akakanika izimitseni mu BIOS.

Hadi disiki ikapanda kuoneka pa nthawi yoika Linux, yang'anani mu BIOS ngati SATA ili pa RAID kapena RST, ndipo muisinthe ikhale AHCI. Dziwani kuti kusinthaku kungalepheretse Windows wakale kuyaka, kotero ndi koyenera pokhapokha mwatsimikiza zomufufuta.

Wi-Fi ikakana, lumikizani foni ya Android ndi chingwe ndi kuyatsa USB tethering. Intaneti ikapezeka motero, Driver Manager ya Linux Mint kapena Windows Update imapeza chosowacho.

Kukopera kukamaimira panjira pamalo amodzimodzi, kayikirani fulashi. Pamsika pali mafulashi achinyengo amene amalemba kukula kumene alibe, ndipo Rufus amatha kuwazindikira mukasankha kuti ayambe wayeza fulashi. Ngati fulashi ndi yabwino koma disiki ikulira ngati ikugogoda, disikiyo ikufa. Kuisintha ndi SSD kumafulumizitsa makina akale kuposa china chilichonse.

Kompyuta ikamaiwala tsiku ndi nthawi, kabatire kozungulira ka mkati, kamene m'makina ambiri ndi CR2032, katha mphamvu. Kasintheni, chifukwa tsiku lolakwika limalepheretsa intaneti kutseguka bwino.

Kusamala fulashi ndi makina

Fulashi yodzutsirayo ilembedwe dzina ndi chaka, ndipo isungidwe m'kabotolo kotseka bwino, kutali ndi chinyontho cha chiperoni chimene chimadyetsa dzimbiri tizitsulo ta kukamwa kwake. Isagwiritsidwe ntchito ina. Ikapitirira chaka kapena ziwiri ilembedwenso ndi fayilo yatsopano. Kompyuta nayo izulidwe ku magetsi pamene kukuchita ziphaliwali, ndipo isakhale pansi pamene pali fumbi. Mafayilo a ofesi azikoperedwa kamodzi pa mwezi, pa tsiku lodziwika, ndipo chosungiracho chizikhala m'chipinda china.

Mawu omaliza

Ntchito imene tafotokozayi siifuna digiri, koma imafuna munthu wowerenga zimene zalembedwa pa sikirini asanadine. M'miphakati yathu muli achinyamata amene anaphunzira makompyuta kusekondale, ndipo ena akuphunzira pa yunivesite ya sayansi ndi luso ya MUST ku Ndata, m'boma lathu lomwe lino, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2014. Tiwapemphe atithandize pa tchuthi, koma tikhale nawo pambali, tiphunzire, ndipo nkhani ya mafayilo ikhale m'manja mwathu. Amene akuyesa koyamba ayambire pa kompyuta ija yovundikiridwa pakona, imene ilibe choti nkutaya. Ikadzuka, ndiye kuti ofesi yapeza makina achiwiri popanda kugula, ndipo munthuyo adzafika pa kompyuta ya mu ofesi akudziwa kale pamene ayenera kuima ndi kufunsa.